Kufunditsa Chipinda Amayi Asanatuluke

Lolemba, 9 Juni

Amayi awachotsa pa makina a mpweya. Akupuma okha. Ndalemba kaye zimenezi kuti ndizione ndi maso anga.

Nditaweruka ndinapita kuchipatala. Ndinawapeza atakhala tsonga, akudandaula kuti tiyi wa mu wodi alibe shuga. Ndinaseka mpaka misozi. Munthu akayamba kudandaula za shuga ndiye kuti wabwerera. Sabata yatha sankadziwa n'komwe amene akuwapukuta kumaso.

Anesi ena aatali anati chibayo chagonja koma chifuwa chidakali chofooka. Atuluka kumapeto kwa sabata yamawa akamaliza jakisoni. Asamagone pozizira, asamapume fumbi kapena utsi, azibwera kudzapimidwa. Ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza, osakwiya.

Nkhani ndi yakuti akatuluka apita kuti, poti kwawo sangakhale okha. Achimwene anali pomwepo ndi alamu. Anati, "Apita kwathu. Kwa Kachete ndi mu firiji. Ndinagonako kamodzi, ndinadzuka mano akuwombana." Alamu anaseka. Ine maso pansi, monga mwa masiku onse. Dzina limeneli anandipatsa ndi achimwene omwewo ndili wamng'ono, ndipo sanalakwitse.

Achimwene atatuluka panja kukayankha foni, Amayi anandikoka chala. Ati, "Kwa mchimwene wako kuli ana atatu, wina ali m'njira. Ndikapita kumeneko ndikakhala mlezi, osati wodwala. Ndikufuna kwa iwe." Komanso kwanga ndi kufupi ndi chipatala, munthu amayenda wapansi.

Achimwene atabwerera ndinalankhula. Sindikudziwa kuti mawu anadzera pati. Ndinati, achimwene, chipinda ndikonza. Anandiyang'ana ngati walankhula ndi mpando. Kenako ati chabwino, adzabwera Lachinayi la sabata yamawa kudzaona okha. Mukadzakhala mozizirabe, Amayi akupita kwa achimwenewo ndipo nkhani yathera pomwepo.

Ndili m'chipindamo tsopano. Ndavala juzi ziwiri. Sananame.

Lachiwiri, 10 Juni

M'mawa ndisanapite kuntchito ndinafufuza kumene mphepo imalowera. Ndinadula ulusi woyera, n'kumaugwira m'mwamba pafupi ndi malo aliwonse. Ukagwedezeka, ndiye kuti pamenepo pali mdani.

Pansi pa chitseko, ulusi unavina. M'mbali mwa zenera, unavina. Pagalasi la zenera long'aluka, unavina kwambiri. Kenako ndinakwera pampando kufika pa timabowo ta mpweya tili pamwamba pa khoma, kumeneko unachita kufuna kuthawa m'manja. Pansi pasimenti ulusi sunganene kanthu koma mapazi amadziwa okha.

Kushopu ndinasita masiketi a yunifolomu m'mawa wonse, m'mutu muli chipinda chokhachokha. Masana ndinaima pafupi ndi thumba la zidutswa za nsalu lomwe limakhala kuseri kwa makina. Ndinaima nthawi yaitali. A Telala, abwana anga, anandiona.

"Iwe, thumbalo lakulakwira chiyani?"

Ndinati ndimafuna kupemphako zidutswa, ndisoke chofunda.

"Chofunda? Ee! Kodi kwapezeka munthu? Bwanji osatiuza tikonze suti?"

Manyazi anandigwira mpaka makutu kutentha. Nditawafotokozera za Amayi anasiya nthabwala. Anati tenga thumba lonse, ndipo ukaweruka makina aang'onowo ndi ako, bola singano ukathyola usabise. Sindinabisepo singano chiyambire, iwonso akudziwa.

Ndasankha zidutswa. Zokhuthala mulu wake, zopyapyala mulu wake. Zoyabwa ndabweza, khungu la Amayi silifuna zimenezo.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinakapempha alandilodi kuti ndipake laimu ndi kukhoma misomali. Ndinayeserera mawu ake njira yonse. Nditafika pakhomo pawo onse anabalalika.

"Lankhula mokweza, mwana iwe. Ukupempha kapena ukupemphera?"

Ndinakweza pang'ono. Anamvetsera, kenako analowa m'nyumba. Ndinati basi, akana. Anatuluka ndi chidebe cha laimu wotsala ndi burashi yothothoka mbali imodzi. Ati, "Paka. Bola usandigwetsere khoma. Mayi ako uwauze kuti ndawapatsa moni."

Miyendo inachita kupepuka pobwerera. Ndimaopa anthu pachabe nthawi zina.

Madzulo ndayamba kulumikiza zidutswa. Ndikudula zonse mofanana, ndi katoni yoyezera. A Telala ati ndikuyeza ngati ndikusoka diresi la mkwatibwi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinapempha theka la tsiku. Ndatulutsa katundu yense, ndasesa akangaude, ndapaka laimu. Nditamaliza ndinaona kuti sanagwire bwino m'makona, ndinapakanso kachiwiri. Zenera ndinatseka kuti fumbi la mumsewu lisamatirire pakhoma lonyowa.

Kenako adani aja, mmodzimmodzi.

Galasi long'aluka: pulasitiki yokhuthala ndi selotepi, kunja ndi m'kati.
M'mbali mwa zenera: tinsanza, ndinakanikiza ndi mpeni wa tebulo mpaka osalowanso.
Pansi pa chitseko: ndasoka kathumba kakatali ngati njoka, ndathiramo mchenga wosefa. Kagona pamenepo.
Timabowo ta pamwamba: ndatsekamo nsanza, pamwamba pake katoni, pamwamba pa katoni selotepi. Ndapakanso laimu kuti pasaoneke.

Nditatha ndinatenganso ulusi n'kuzungulira chipinda chonse. Zii. Sunagwedezeke pena paliponse. Ndinakhala pansi pakati pa chipinda, manja ali mbuu, ndikumwetulira ndekha ngati wopenga.

Lachisanu, 13 Juni

Manja akuwawa, laimu wandidya m'zala. Amayi adya mbale yonse lero.

Loweruka, 14 Juni

Kumsika wa kaunjika. Ndinazungulira kawiri ndisanagwire kanthu, chifukwa ukangogwira amakuyamba. Ndinapeza katani lolemera, lofiirira ngati njerwa, lalitali kwambiri, lili ndi kabowo kamodzi kumunsi. Wogulitsa anati, "Asisi, limeneli linali m'hotela, mphepo imaliopa." Ndinamuonetsa kabowo kaja osalankhula. Anatsitsa mtengo. Ndinamuonetsanso pamene mpendero wasomboka. Anatsitsanso, ati, "Inu osalankhulanu ndiye oopsa." Ndinatenganso masokosi aubweya ndi babu lowala mofiirira, chifukwa loyera lija limachititsa chipinda kuoneka ngati wodi.

Katani ndalidula pawiri. Mbali ina pazenera. Ina ndaikhomera pakhoma m'mbali mwa bedi, chifukwa khoma limenelo ndi lakunja, ukalikhudza usiku limaluma. Tsopano Amayi akatembenuka azikhudza nsalu.

Pansi ndayala makatoni ochokera kugolosale, pamwamba pake mkeka. Mapazi sakulira.

Mabulangete onse ndachapa, ndi a Amayi omwe ndinakatenga kwawo. Koma kunja kuli mitambo ndi kamvula kowaza, ndiye ndamanga chingwe m'chipinda momwemo, ndayanika. Chitseko ndatseka kuti kutentha kusathawe.

M'chipinda mwasintha. Ndayatsa babu latsopano, khoma loyera, katani lofiirira. Ndavula juzi imodzi!

Lamulungu, 15 Juni

Tsiku lonse pa chofunda. Pamwamba zidutswa, pakati bulangete lakale lopyapyala, pansi nsalu yofewa. Ndikusoka pamanja tsopano, mizere yowongoka, kuti za m'kati zisamathawire mbali imodzi. Mzere umodzi unakhota, ndinausomola wonse. Palibe akanaona koma ine ndikanadziwa.

Madzulo ndinapita nacho kuchipatala ngakhale sichinathe. Amayi anachiyala pamiyendo n'kumaloza. "Iyi ndi yunifolomu ya sukulu. Iyi suti ya munthu wonenepa. Iyi diresi la mtsikana wosamva." Mayi wa bedi loyandikana anati akufuna chake. Amayi anati, "Berekani wanu." Wodi yonse kuseka. Anakhosomola pang'ono chifukwa cha kuseka komweko, koma chifuwa chake sichinali chija chowopsa.

Potuluka anandifunsa ngati achimwene avomere. Ndinati avomera. Ndinanena ngati munthu wodziwa.

Lolemba, 16 Juni

Ndadzuka mutu ukulemera. Zenera linali ndi madzi m'kati, akuyenderera ngati misozi. Ndinapukuta. Mabulangete sanaumebe, tsiku lachitatu. Muli kafungo ngati ka thumba lonyowa, ndikuganiza kuti ndi iwowo.

Koma mukufunda. Chachikulu ndi chimenecho.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndilemba bwinobwino, mwa ndondomeko yake, chifukwa mtima sunakhazikike.

Nditangofika kuchokera kuntchito ndinamva odi. Alamu. Anali kusikelo ya amayi oyembekezera, ndiye anati adzere kuno andisiyire pilo wa Amayi. Sanandiuze kuti abwera. Ndinakankha njoka ya mchenga ija, analowa, anaima pakati.

"Eee, mlamu! Chipinda chija ndi chimenechi? Ndiye mwachita kukhala ngati mukudikira bwana mkubwa."

Ndinakondwa. Koma kenako anakwinya mphuno. Ananunkhiza uku ndi uku. Ati mimba iyi yawapatsa mphuno ya galu, palibe chowadutsa. Anagwira mabulangete, ati awa ndi onyowa koma fungo si lawo. Anapita kubedi, anagwira katani la pakhoma lija n'kulitukula.

Kuseri kwake khoma linali bii. Timadontho takuda, tina tobiriwira, kuyambira m'munsi mpaka usinkhu wa bedi. Chuku. Khomalo lonyowa ngati latuluka thukuta. Laimu wanga wofewa, ukakhudza akutsalira kuchala. Nsalu yakenso kumbuyo yachita mawanga.

Pamenepo ndi pamene pakanakhala mphuno ya Amayi.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero alamu, osamaliza n'komwe.

Ndinakhala pabedi. Alamu anayang'ana m'mwamba n'kufunsa kuti timabowo ta mpweya tapita kuti. Ndinaloza. Anayang'anitsitsa, chifukwa ndinabisa bwino kwambiri. Atazindikira anaseka mpaka kugwira mimba.

"Mlamu, inu mwasoka nyumba! Mwaipinda mpendero mbali zonse! Nanga ipumira pati? Laimu wonyowa, mabulangete onyowa, inu nomwe mukupumira momwemo, madzi onsewo apite kuti?"

Ine sindinaseke. Ndinkaona Amayi atabwerera pa makina aja chifukwa cha ine. Ndinayamba kulira, kopanda mawu. Ndinati basi, kawauzeni achimwene, Amayi apite kwanu.

Alamu anasiya kuseka. Anakhala pafupi nane, bedi linalira. Ati, "Tamverani. Apongozi anga ndimawakonda, Mulungu akudziwa. Koma taonani mimbayi. Ana atatu, achimwene anu wachinayi, uyu wachisanu. Msana ndi umodzi. Ndipo kwathu akafika, ana aja sawapatsa mpata, adzawakwera ngati mtengo. Ine ndikufuna akhale kuno kuposa mmene mukufunira inuyo. Ndiye pukutani m'maso, kwerani pampando."

Ndinakwera. Ndinamatula selotepi, katoni, nsanza. Nsanzazo zinatuluka zonyowa. Mphepo inandiwomba kumaso, yozizira, ndipo mutu umene unkalemera uja unayamba kupepuka pomwepo. Tinatsegula zenera ndi chitseko. Katani la pakhoma tinalichotsa. Mabulangete ndinakawayanika pakhonde la alandilodi, pali denga. Alamu anakhala pampando panja n'kumalamula ngati kapitawo.

Pochoka ndinawafunsa ngati akawauze achimwene. Ati, "Nkhani ndi yanu, mwini wake ndinu."

Chipinda chazizira ngati kale. Ndavalanso juzi ziwiri. Koma zikomo Ambuye chifukwa cha mphuno ya alamu. Zaoneka lero, Amayi asanagonemo.

Lachitatu, 18 Juni

M'mawa kwambiri ndinadzera kuchipatala. Ndinadikira anesi aatali aja pakhonde mpaka atatuluka. Ndinawauza zonse, sindinachotsepo kanthu. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Anati ndachita bwino kufunsa, chuku ndi choipa pa chifuwa ngati cha Amayi. Ndichape khoma, liume ndithu, fungo la mankhwala lithe asanalowemo. Bedi lichoke kukhoma limenelo. Timabowo tikhale totsegula usana ndi usiku, zenera ndizitsegula dzuwa likatuluka. Zovala zonyowa ayi. Moto wa makala m'chipinda ayi, ngakhale kuzizire bwanji. Ati, "Funditsa munthu, osati kutsamwitsa nyumba."

A Telala atamva anagwira pakamwa. "Ndinkadziwa ine kuti tsiku lina udzasoka chinthu chosafunika kusoka." Anandilola kupita masana.

Ndipo dzuwa linatuluka! Loyamba sabata ino. Ndinamanga kansalu kumphuno, ndinapala laimu wofewa yense, ndinatsuka khoma ndi madzi a jiki, ndinapukuta, ndinatsukanso. Dzuwa la masana limalowa pazenera n'kugunda khoma lomwelo, sindinkadziwa chifukwa nthawi imeneyo ndimakhala kuntchito. Pofika madzulo linali litauma, ukagwira dzanja likubwera loyera. Patsala chipsera chotuwa chachikulu. Sindipakanso laimu panopa, ndaphunzira. Chikhale choncho mpaka nyengo yotentha.

Bedi ndalikokera kukhoma lam'kati, lomwe kuseri kwake kuli khitchini ya aneba. Khoma limenelo ndi lofunda lokha! Zaka zonsezi ndimagona mbali yolakwika. Ndasiya mpata wa dzanja pakati pa bedi ndi khoma. Mphepo ya m'timabowo ikudutsa pamwamba, siikufika pabedi, ndayesa ndi ulusi pamene padzakhale mutu wawo.

Zotsala zili m'malo: pulasitiki ya pagalasi, katani la pazenera, njoka ya pachitseko, makatoni ndi mkeka. Katani linalo ndalichapa ndi madzi otentha, likauma bwino ndidzalipinda pawiri likhale poponda akamatsika pabedi. Mabulangete auma, akununkhira dzuwa.

Chofunda chatha. Ndamanga ulusi womaliza kunja kukuda.

Lachinayi, 19 Juni

Kuntchito ndinawotcha chala ndi simbi. Maganizo.

Achimwene anafika madzulo ndi alamu, atavala ovolosi ya kuntchito, maso ofiira ndi kutopa. Ati alowa m'mawa kwambiri sabata yonse. Anaima pakhomo, anayang'ana njoka ya mchenga.

"Ichi n'chiyani? Ukuweta?"

Analowa. Anayang'ana katani, babu, mkeka, chofunda. Ndinaona maso awo akupita kuchipsera cha pakhoma. Alamu anayamba nkhani ya mtengo wa makatani kuti awasokoneze, koma ine sindikanatha. Ndinati achimwene, pamenepo panali chuku. Ndinatseka timabowo tonse, khoma linanyowa. Alamu ndi amene anaona. Ndinakafunsa anesi, ndachita zonse zimene ananena. Gwirani muone.

Ndinafika mpaka kumapeto.

Anagwira khoma ndi chikhatho, nthawi yaitali. Anagwira m'munsi, anagwira m'kona. Ananunkhiza dzanja. Kenako anatembenukira kwa alamu.

"Ndiye iwe umadziwa?"

"Ndimadziwa zambiri zimene simudziwa, bambo a ana."

Nkhope yawo sinamasuke. Ati nanga chikabweranso? Ndinati ndiziyang'ana m'mawa uliwonse, ndipo chikangooneka ndidzakuimbirani ndekha. Ati nanga usiku kukazizira kwambiri, poti mabowo ali pululu? Ndinawaonetsa botolo la madzi otentha lomwe ndalisokera kathumba, ndi masokosi aubweya. Ati nanga iweyo ugona pati? Ndinaloza kamatiresi kakang'ono komwe alandilodi andibwereka, kali kuseri kwa chitseko.

Anati hmm. Anavula nsapato, ati aone ngati bedi silikulowa mphepo. Anagona chagada, anakoka chofunda mpaka pachifuwa. Anayang'ana kudenga. Ati, "Apa pali bwino pang'ono. Koma ndiyenera kumva kwa kanthawi."

Ine ndinatuluka kukawiritsa madzi a tiyi. Alamu ananditsatira, tinkacheza za mayina a mwana. Pobwerera ndi makapu tinamva tili pakhomo. Mkonono! Achimwene tulo tofa nato, pakamwa pali yasa, phazi limodzi lili kunja ndi sokosi yobooka.

Alamu anaika chala pakamwa, mapewa akugwedezeka. Anandinong'oneza kuti, "Woyesa mayeso wagona m'kalasi. Mwakhoza, mlamu."

Tinamwa tiyi wathu panja, wawo anazizira. Atadzuka kunja kutayamba kuda anati sanagone, amangoganiza. Anavala nsapato mwakachetechete. Ali pakhomo anati, "Mawa ndipempha galimoto ya kuntchito, tidzawabweretsa kuno masana. Koma tiyese kaye sabata imodzi, tione." Kenako anandigwira pamutu ngati kale ndili mwana, n'kupita.

Sabata imodzi. Chabwino. Ndapuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira tsiku lija mu wodi.

Lachisanu, 20 Juni

Abwera. Ali pabedi, agona. Ndikulemba pang'onopang'ono kuti pepala lisachite phokoso.

Analowa atatsamira phewa la achimwene, kajumbo ka zovala ndi mankhwala kali m'manja mwanga. Anaima, anayang'ana zonse. Ati, "Mwana wanga, wachita zonsezi wekha?" Ndinati alamu anathandiza. Alamu anati iwo anangobwereketsa mphuno.

Ndawatenthetsera botolo, ndawaveka masokosi. Akhosomola kawiri kokha.

Loweruka, 21 Juni

Khoma louma. Zenera louma. Ndinayang'ana ndisanasambe n'komwe.

Amayi anadzuka mochedwa, dzuwa litakwera kale. Ati agona ngati mwana. Anayamba pomwepo kundilamula: kapu iyi siikhala apa, tsache silimaima chonchi, tsitsi langa bwanji sindinalipese. Ndinkangoti eya, eya, mtima uli mbee.

Masana achimwene anadzera ndi malalanje. Anakhala pampando, anafunsa ngati Amayi anamva kuzizira. Amayi anati ayi. Anafunsa ngati akufuna kanthu. Amayi anasenda lalanje pang'onopang'ono, osawayang'ana.

"Mawa upite kunyumba kwanga. Ukatenge chikwama chachikulu chija chili pamwamba pa kabati, ulongedzemo zovala zonse. Wailesi. Ndi kampando kanga kotsamira."

Achimwene anati, "Amayi, tinati sabata imodzi."

"Unati ndiwe. Ine ndinali m'chipatala."

Achimwene anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mkeka. Kenako ndinamva akuseka, ati kampandoko kalowa pati muno?

Apita. Amayi akuwodzera, makoko a lalanje ali pachofunda. Ndatenga tepi, ndayeza pakati pa bedi ndi zenera. Ndikasuntha tebulo kupita kukona, kalowa.